Mukufuna kuphunzira kukonza injini ya njinga yamoto? Yambirani apa, ndipo muyende motere

Achinyamata ambiri amandipeza pa galaja ndili mu ovolosi kudzafunsa funso limodzi lomwelo, zoti kodi n'koyenera kupita kusukulu kukaphunzira umakaniko wa njinga zamoto pomwe pansi pa mtengo wa mango uliwonse pali munthu amene akumasula Lifo kapena Boxer ndipo akupeza ndalama. Ine ndimawayankha kuti pitani, chifukwa pansi pa mtengo muphunzira kumasula ndi kumanga, zimenezo manja amazolowera okha, koma kusukulu muphunzira kudziwa chomwe chavuta musanagwire sipanala. Makaniko amene amangosintha zipangizo mongoganizira amamalizitsa ndalama za wakabaza, lero pulagi, mawa CDI (kabokosi kolamulira moto wa pulagi), mkuja kabureta yonse, pomwe vuto linali kawaya kamodzi kothothoka. Ndiye ndilemba momwe ndinayendera ine komanso momwe ndimalangizira anyamata ndi atsikana amene amabwera kwa ine pa atachimenti.

Poyamba penipeni ndi kusankha sukulu. Kuno kwathu maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndiye musanalipire fizi kulikonse funsani ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku TEVETA, ndipo muone pepala lake ndi maso anu osati kungomva pakamwa. Pali makoleji akuluakulu a boma ndi a mishoni ngati Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, kenako kuyambira 2015 kunabwera ma community technical college m'maboma, oyamba anatsegulidwa ku Ngara ku Karonga, ndipo umakaniko wa njinga zamoto ndi umodzi mwa maluso omwe amaphunzitsidwa m'makoleji ena a m'maderawa. Si koleji iliyonse yomwe ili ndi kosi imeneyi, muziwerenga bwino chidziwitso chikatuluka. Koma chachikulu, pitani nokha mukaone wekishopu. Muwerenge mainjini omwe alipo, mufunse kuti kalasi imodzi mumakhala anthu angati, chifukwa ngati muli 40 pa injini imodzi ndiye kuti mudzamaliza chaka mukungosuzumira pamapewa a anzanu. Muone ngati ali ndi torque wrench (sipanala yomanga pa mlingo), feeler gauge (timapepala tachitsulo topimira mipata), multimeter (yopimira magetsi) ndi compression tester (yopimira momwe pisitoni ikupanikizira mpweya). Sukulu yopanda zinthu zinayi zimenezi ikakuphunzitsani zomwezo za pansi pa mango koma molipira.

Mukalowa, gulani kope lolimba lachikuto, ovolosi ndi nsapato zotseka, zapatapata ku wekishopu ayi, injini yaing'ono ya 125 ikakugwerani pa chala mudzadziwa kuti ndi chitsulo. Zipangizo zanuzanu yambani kusonkhanitsa pang'onopang'ono, masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17 ndi omwe mudzagwiritse ntchito tsiku lililonse, onjezerani sipanala ya pulagi, pulayala, sikuludiraiva ya nyenyezi ndi yafulati, komanso feeler gauge yanu yomwe simubwereketsa. Mulembe chizindikiro pa chilichonse ndi penti, sipanala ya 10 imasowa kuposa china chilichonse.

Masabata oyamba aphunzitsi amakhala pa bolodi kujambula ndipo ambiri amatopa nazo, amafuna kukagwira zitsulo basi. Musatope, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Njinga zambiri zomwe zili pamsewu panopa, Lifo, SanLG, Kinglion, Boxer, TVS, ndi za four stroke, kutanthauza kuti pisitoni imayenda maulendo anayi kuti injini iphulitse kamodzi. Ulendo woyamba imatsika valavu ya inileti ili yotseguka ndipo imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, wachiwiri imakwera mavalavu onse atatseka n'kupanikiza mpweya uja, pamwamba pulagi imathetheka moto n'kuphulitsa ndipo pisitoni imakankhidwa pansi, umenewo ndi ulendo wachitatu womwe umapereka mphamvu, wachinayi imakweranso valavu ya ekizozi itatseguka kutulutsa utsi. Pa maulendo anayiwa crankshaft, shafiti yozunguzidwa ndi pisitoni, imazungulira kawiri pomwe camshaft, yomwe imatsegula mavalavu, imazungulira kamodzi kokha. Muziloweze mpaka muzitha kufotokozera mng'ono wanu osayang'ana m'kope. Mukazimvetsa mudzaona kuti injini imafuna zinthu zitatu kuti ilire, moto, mafuta osakanikirana bwino ndi mpweya, ndi kompureshoni (kupanikizika kwa mpweya kuja), ndipo zonsezo zibwere pa nthawi yake. Njinga iliyonse yomwe yakana kulira yasowa chimodzi mwa zimenezi.

Muphunzirenso kusiyanitsa mitundu ya mainjini. Njinga zambiri zochokera ku China zomwe zalembedwa 125 kapena 150 injini yake inatengera Honda CG125 yomwe inayamba kupangidwa mu 1975, camshaft yake ili pansi ndipo mavalavu amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo tiwiri totchedwa ma pushrod. Boxer ya Bajaj ndi TVS zili ndi camshaft pamwamba mu hedi, yoyendetsedwa ndi ka tcheni ka taimingi. Kenako pali za two stroke ngati Yamaha DT125 zomwe alangizi a zaumoyo ndi zaulimi ankayendera kwambiri kumidzi, izo zilibe mavalavu mu hedi ndipo zimawotcha oyilo wa 2T limodzi ndi petulo, n'chifukwa chake zimafuka utsi ngakhale zili bwinobwino. Munthu akabwera nayo musayambe kumuuza kuti maringi atha chifukwa choti mwaona utsi.

Ntchito yoyamba yomwe adzakupatseni ndi sevisi, kusintha oyilo ndi kutsuka zosefera. Imaoneka yaing'ono koma ndi imene idzakudyetseni tsiku ndi tsiku. Lizani injini mphindi zingapo kuti oyilo atenthe, zimitsani, ikani beseni pansi, masulani bauti yokhetsera. Pa injini za mtundu wa CG kumanzere m'munsi kuli chitsekero chachikulu, mukachimasula mumatuluka sipuling'i ndi kasefa kawaya kooneka ngati kachipewa, katsukeni mu parafini ndipo muyang'anitsitse zomwe kagwira. Mukaona tizitsulo tonyezimira ndiye kuti m'katimo muli china chake chomwe chikudyeka, muuzeni mwini njinga tsiku lomwelo. Oyilo amalowa pafupifupi lita imodzi, koma pimani ndi kamtengo kake njinga itaima chilili osati itatsamira pa sitandi ya m'mbali. Ndipo oyilo akhale wa njinga, wolembedwa 4T, ambiri kuno timathira 20W-50. Chifukwa chake n'chakuti kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndiye oyilo wina wa galimoto amaterera mopitirira n'kuchititsa kuti kilatchi iziterereka, njinga kumangolira kwambiri pa chitunda koma osakoka. Oyilo wakuda uja musamuthire mu ngalande, sungani mu chigubu.

Air filter nayo, ndi fumbi la kwathu kuno la mwezi wa September ndi October, imafunika kuiona kawirikawiri kuposa momwe buku limanenera. Ya siponji mumatsuka mu parafini, kufinya osapotokola, kuumitsa, kudonthezera oyilo pang'ono n'kufinyanso. Ya pepala siitsukidwa, mumasintha. Akabaza ena amaichotseratu akuti njinga izikoka, chomwe chimachitika n'chakuti fumbi limalowa mu silinda n'kumapala ngati sandipepa, miyezi yochepa maringi atha.

Tsopano ndifike pa ntchito yomwe ine ndimayesera nayo wophunzira aliyense, kuseta mavalavu. Pakati pa rocker (kamkono kokankha valavu) ndi mutu wa valavu pamayenera kukhala kampata kakang'ono kwambiri chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika. Kampatako kakachepa valavu siitseka bwino, njinga imavuta kulira m'mawa, imazima ikatentha, mapeto ake valavu imapsa. Kakakula mumamva phokoso la tiki tiki tiki mu hedi ndipo mphamvu imachepa. Injini ikhale yozizira, yogona usiku ndiye bwino kwambiri. Chotsani kavala ya pamwamba pa hedi, chotsani pulagi kuti injini izizungulira mofewa, kenako tsegulani titsekero tiwiri ta pa kavala ya magineto (chopangira magetsi) kumanzere. Pa chibowo chapakati mulowetsa soketi n'kumazunguza crankshaft mobwerera, mosemphana ndi momwe wotchi imayendera, uku mukusuzumira pa kabowo kapamwamba mpaka chilembo T chifike pa kamzere. Pali chilembo china F, chimenecho ndi cha moto, musasokoneze. T ikafika gwedezani ma rocker ndi zala, onse awiri akhale akugwedera pang'ono. Ngati ali olimba ndiye kuti muli pa ulendo wa ekizozi, zunguzaninso kamodzi kathunthu mpaka T ibwerenso. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ndipo amaseta mpata waukulu ngati chitseko.

Mukatsimikiza, masulani kanati kotsekera, lowetsani feeler gauge, potokolani ka adjuster mpaka geji izituluka mokakamira pang'ono, ngati mukusolola pepala pansi pa kapu ya tiyi. Gwirani adjuster isasunthe, mangani nati, kenako pimaninso chifukwa pomanga nati mpata umakonda kusintha. Honda CG125 buku lake limati 0.08 mm mbali zonse ziwiri, njinga zina zimafuna 0.05 mm, ndiye muziona buku la njinga imeneyo kapena kasitika komwe kamamatidwa pa njinga. Aphunzitsi athu ankatiika pa mzere, aliyense aseta, iwo n'kubwera kudzasolola geji osalankhula, akangopukusa mutu umadziwa kuti ubwereza. Ine ndinabwereza kasanu tsiku loyamba, koma kuyambira pamenepo zala zanga zimadziwa kukakamira koyenera ngakhale nditatsinzina.

Mukadziwa sevisi ndi mavalavu, chotsatira ndi kufufuza vuto, ndipo muzitsata ndondomeko imodzi nthawi zonse, kuyamba ndi chophweka komanso chotchipa. Munthu wakankha njinga kufika nayo pa inu, thukuta lili kamukamu, akuti yangozima. Musathamangire sipanala, mufunseni kaye. Achimwene, yazima bwanji, mwadzidzidzi kapena imayamba yadukizadukiza? Petulo munathira kuti? Inagwa kapena inanyowa ndi mvula? Alipo wina anaigwira dzulo? Mayankho amenewa amakudulirani theka la ntchito. Yozima mwadzidzidzi ngati mwathimitsa kiyi nthawi zambiri ndi za magetsi, yodukizadukiza kenako n'kufa nthawi zambiri ndi mafuta.

Kenako onani zomwe aliyense amaziderera, mu thanki muli petulo? Kampopi kali pa ON kapena RES? Switch yofiira yozimitsira ija sinakanikizidwe? Mukatero chotsani pulagi muiwerenge, pulagi imanena zambiri. Nsonga yofiirira ngati tiyi wamkaka ndiye kuti injini ikuwotcha bwino. Yakuda youma ngati mwaye wa m'khitchini, petulo akuchuluka kapena air filter yatsekeka kapena tchoko chimakhala chokoka. Yakuda yonyowa ndi oyilo, maringi kapena ma valve seal atha. Yoyera mbuu, petulo akuchepa kapena pali pomwe mpweya ukuba, ndipo injini yotero imatentha kwambiri. Bwezerani pulagi mu kapu yake, igunditseni ku chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, menyani kiki. Moto wabwino ndi wabuluu wothetheka mwamphamvu. Ngati palibe, yesani pulagi ina yomwe mukudziwa kuti ndi yabwino, ngati palibebe bwererani m'mbuyo motsatira waya, kapu ya pulagi, koyilo, CDI, mawaya a ku switch, mpaka ku magineto, ndipo apa ndi pomwe multimeter imagwira ntchito. Mpata wa pulagi pa njinga zimenezi umakhala 0.6 mpaka 0.7 mm, ndipo za mtundu wa CG zimalowa D8TC kapena NGK D8EA, pomwe tinjinga ta 100 ndi 110 ta injini yogona timalowa C7HSA.

Moto ulipo? Pitani ku mafuta. Pansi pa kabureta pali kasikuluwu kokhetsera, kamasuleni mukhetsere mu botolo loyera muone. Ngati sakutuluka, vuto lili kumtunda, paipi, fyuluta, kampopi, kapena kabowo kopumira ka pa chitsekero cha thanki katsekeka. Ngati watuluka muyang'aneni bwino, madzi amakhala pansi ngati timadontho tozungulira. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ethanol amakoka chinyezi, ndiye njinga ikakhalitsa osayenda mu kabureta mumachita zoyera ngati ufa. Onjezerani petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu uja, amene nthawi ya kusowa kwa mafuta aliyense amathira, mumapezeka zinyalala ndi madzi. Potsuka kabureta chotsani bakuli la pansi, float ndi kasingano kake, main jet ndi pilot jet. Ma jet ndi timabowo todutsa petulo. Pilot jet ndi ya sailensi, injini ikamalira poima, ikatsekeka njinga imazima mukangosiya moto, main jet ndi ya pa liwiro, ikatsekeka njinga imalira bwino poima koma mukakoka moto imatsamwa. Tsukani ndi carb cleaner ndi kupopera mpweya, muyang'ane kudzuwa muone kuwala kukudutsa. Osatokosa ndi singano kapena waya wolimba, jet ndi ya brass yofewa, bowo likakula njinga idzayamba kumwa petulo ndipo wakabaza adzakudandaulani mwezi wonse. Musanamasule sikuluwu ya mixture imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati kufika pothera, mulembe, kuti mudzabwezere pomwe inali.

Moto ulipo, mafuta akufika, koma sikulira, yatsala kompureshoni. Mwendo wanu womwe umakuuzani, kiki ikamatsika mopepuka ngati mukuponda thonje ndiye kuti mpweya ukuthawa. Mangani compression tester pa bowo la pulagi, kokani moto wonse pa chogwirira, menyani kiki kangapo mpaka muvi usiye kukwera, yerekezani ndi buku. Ikatsika, onani kaye mavalavu ngati sanathine, chifukwa nthawi zambiri vuto limathera pomwepo osamasula chilichonse. Ngati mavalavu ali bwino thirani kasupuni kakang'ono ka oyilo pa bowo la pulagi muyesenso. Muvi ukakwera ndiye kuti maringi kapena silinda zatha, oyilo uja watseka mipata kwakanthawi. Ukapanda kusintha, mpweya ukuthawira ku mavalavu kapena ku gasiketi ya hedi. Mukafika apa ndiye mwapeza chifukwa chenicheni chotsegulira injini, ndipo mukhoza kumuuza mwini njinga zomwe akagule musanamasule n'komwe.

Kumasula hedi ndi buloko (momwe muli silinda) ndi gawo lomwe ophunzira amalikonda kwambiri. Tsukani injini kunja kaye, mchenga usagwere m'kati. Yalani katoni yoyera pa tebulo ndipo chilichonse chomwe mwachotsa muziika motsatana kuyambira kumanzere kupita kumanja, mabauti mubaye pa katoni mojambula momwe analili chifukwa amasiyana kutalika. Jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse, palibe manyazi pamenepo. Manati a hedi amamasulidwa modumphanitsa, pang'ono apa pang'ono uko, kuti hedi isapindike. Buloko ikakana musaitokose ndi sikuludiraiva pa mapiko ake, amathyoka, igogodeni ndi hamala ya labala. Ikangotuluka tsekani pakamwa pa crankcase ndi nsanza yoyera musanakhudze ka circlip, kawaya kozungulira kotsekera pini ya pisitoni.

Za nsanzazi ndikunena chifukwa zinandichitikira ndili chaka choyamba. Ndinkachotsa circlip ndi pulayala, inangoti thu kudumpha, ndinamva kuti ngwe m'kati mwa injini. Ndinayang'ana uku ndi uku, anzanga sanaone, mtima unkandiuza kuti tenga ina umange basi. Koma ndinapita kwa aphunzitsi n'kunena kuti aphunzitsi, circlip yagwera m'kati. Anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti wachita bwino kunena, ukanabisa ikanakalowa m'magiya njinga ili pamsewu ndi munthu. Anandipatsa ka maginito ka pa waya, ndinawedza kuyambira 10 koloko mpaka anzanga atapita ku nkhomaliro, kenako inatuluka itamatirira ku maginito ili noninoni ndi oyilo. Mpaka lero sindichotsa circlip popanda nsanza, ndipo yakale sindibwezera, ndimaika yatsopano nthawi zonse.

Zikatuluka musangoti zatha ndi maso, pimani. Tengani ring'i muilowetse mu silinda, muikankhe ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, mupime mpata wa pakamwa pake ndi feeler gauge. Yendetsani chikhadabo m'kati mwa silinda, chikamakodwa pa mizere kapena pa kakhonde kumtunda ndiye kuti maringi atsopano okha sathandiza, buloko ipite kokabowola ndipo mugule pisitoni yokulirapo. Masaizi ake amakwera 0.25, 0.50, 0.75 mpaka 1.00 mm, ndipo gulani pisitoni kaye mupite nayo limodzi ndi buloko kuti wobowola apimire pomwepo. Pa hedi, itembenuzeni muthire parafini mu mabowo a inileti ndi ekizozi, mukaona akutuluka m'mbali mwa valavu ndiye kuti siikutseka, ifunika kugaya ndi grinding paste mpaka pakhale kamzere kotuwa kozungulira kosadukiza. Phala limenelo mulitsuke lonse, likatsala limadya injini. Ma valve seal sinthani nthawi yomweyo poti mwatsegula kale.

Pomanga, pisitoni ili ndi chizindikiro pamwamba, IN imayang'ana ku kabureta, ikakhala ya muvi onani buku kuti muviwo uloze kuti. Maringi ali ndi tizilembo pafupi ndi pakamwa, timayang'ana kumwamba, ndipo ring'i yoyamba ndi yachiwiri sizisinthanitsidwa ngakhale zimafanana. Pakamwa pa maringi musapaike pamzere umodzi, mwazani mozungulira pafupifupi madigiri 120, apo ayi mpweya udzapeza msewu. Pakani oyilo pa pisitoni ndi mu silinda, gasiketi zatsopano, ma dowel ndi ka O-ring abwerere m'malo mwake, kenako tsitsani buloko mukufinya maringi ndi zala imodzi imodzi, osamenya. Manati a hedi mangani modumphanitsa ndi torque wrench pa mlingo wa m'buku. Injini ndi ya aluminiyamu, mukamanga ndi mphamvu za m'munda mazinga amadyeka ndipo mwadzipangira ntchito ina. Pa Boxer ndi zina za tcheni cha taimingi, T ikhale pa kamzere ndipo zizindikiro za pa sipuloketi ya camshaft zigwirizane ndi za pa hedi, dzino limodzi lokha likaphonya njinga siikoka kapena valavu imagunda pisitoni. Musanalize zunguzani injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu, ikakakamira penapake imani mufufuze. Setaninso mavalavu, thirani oyilo, lizani. Mwini njinga mumuuze kuti makilomita mazana angapo oyamba ayende modekha, asanyamule matumba atatu a chimanga, ndipo abwere msanga kudzasintha oyilo.

Za pansi, kilatchi, magiya ndi crankshaft, zimabwera kumapeto ndipo musazithamangire. Mbale za kilatchi zatsopano zinyikeni mu oyilo musanamange. Flywheel imachoka ndi puller yake, yomenya ndi hamala imawononga maginito ndi crankshaft. Pa CG kumanja kuli kabakuli kozungulira komwe kamasefa oyilo, nati yake imafuna soketi ya mano anayi, ndipo matope omwe mudzapeze m'menemo adzakuuzani momwe mwini njinga amasamalira oyilo. Mukang'amba crankcase samalani mawashala opyapyala a m'magiya, amamatirira ku kavala n'kugwa osamveka. Pemphani aphunzitsi kuti mumasule ndi kumanga gearbox kosachepera katatu musanachoke pa sukulu, chifukwa kunja palibe kasitomala amene adzakupatseni yake kuti muphunzirirepo.

Magetsi ambiri amawathawa, inu musawathawe, ndi pomwe amakaniko ali ochepa. Batire yabwino yodzadza imaonetsa 12.6 volts, injini ikamalira mutakoka moto pang'ono iziwerenga pakati pa 13.5 ndi 14.5, ikapitirira kwambiri kapena ikapanda kukwera yang'anani rectifier (kabokosi kowongola magetsi opita ku batire) ndi makoyilo a magineto. Phunzirani kuwerenga chithunzi cha mawaya, ndipo fyuzi ikapsa musamange ndi waya wa kopa, fufuzani chomwe yapsera.

Pa za chitetezo sindinyengerera. Musalize njinga m'chipinda chotseka, utsi wake umapha mwakachetechete. Musapope petulo ndi pakamwa, musasambe m'manja ndi petulo, ndipo wosuta fodya akhale kutali ndi pomwe mwatsegula kabureta. Poyesa njinga pamsewu valani chipewa, komanso pezani laisensi ya njinga ku Road Traffic, chifukwa mukachita ngozi ndi njinga ya kasitomala mulibe pepala mlandu wake ndi waukulu.

Nthawi ya atachimenti ikafika sankhani galaja yomwe pamabwera njinga zambiri zosiyanasiyana, ngakhale asakupatseni kalikonse koposa ya nsima. Mukapeza madala amene sanapite kusukulu koma akhala pa ntchitoyi zaka 20, apatseni ulemu wawo, amamva phokoso la beyaring'i njinga ili patali ndipo zimenezo m'buku mulibe. Mukaona akumanga hedi popanda torque wrench musawatsutse pamaso pa kasitomala, inu chitani zoyenera pa njinga yomwe akupatsani. Kumeneko ndi komwe mudzaphunzirenso kusiyanitsa masipeya enieni ndi achinyengo, kugwira maringi awiri m'manja n'kuona kuti iyi ndi yopepuka, paketi yake zilembo zafufutika. Ndipo amene mwakhala kale pa galaja zaka zambiri opanda pepala, kafunseni ku TEVETA za Recognition of Prior Learning, amayesa luso lomwe muli nalo kale.

Kope lija musalisiye kusukulu. Njinga iliyonse yomwe mwagwira lembani tsiku, mtundu wake, zomwe mwini ananena, zomwe munapeza, zomwe munasintha ndi makilomita omwe inali nawo. Zipangizo zakale zomwe mwachotsa muziika mu jumbo n'kumupatsa mwini njinga aone yekha, mumuonetse ndi chala pomwe ring'i yadyeka, kenako mumuuze tsiku loti abwerenso kuti mudzaone mavalavu ndi oyilo, ndipo tsikulo mulilembe m'kope iye akuona.